Nkhungu Zalowa M'kompyuta

Lachitatu, kunja kotentha, mtima uli m'mwamba.

Kompyuta yomwe ndinalumikiza ndekha ija ikungozima n'kuyakanso yokha, pomwe ndikukonza nyimbo zomwe ndinajambulira kwaya ya ku Msumba. Akuzifuna Loweruka. Ndasintha batire ya sola, ndamanga mawaya onse, koma ayi ndithu.

Masana ndinaitsegula. Kafani koziziritsa kadzaza nkhungu, tintchentche ta m'nyanja tija, mpaka sikakuzungulira. Tinyali tabuluu tomwe ndinaikamo pofuna kudzionetsera ndi timene timaziitana!

Amayi anasuzumira n'kuseka. "Mwanangu, bwanji osandipatsa ndiphike ndiwo?"

Sindinaseke. Kafaniko ndakatsuka ndi mswachi, tinyalito ndazula, bokosi la kompyutayo ndalikuta ndi neti yakale ya udzudzu. Yaipa maonekedwe, koma mpaka pano sinazime. Ikangoyerekeza mawa, ndiimasula yonse.