Imvi Zopanda Mwini

Lolemba, 1 Ogasiti 1983

Tsiku lotsegulira saluni. Chikwangwani pakhomo, zilembo zanga zija za pabolodi: SOFIYA, KUWONGOLA NDI KULUKA TSITSI MWAMAKONO. Amayi asanu abwera kudzaonerera, woyamba kukhala pampando palibe. Ndiye ndati ndiyambe ndi mutu wanga, aone kuti chipeso chamoto sichiluma. Chaluma. Ndinachiiwala pambaula ndikuwaphunzitsa za ukhondo. Tsitsi lonse la pachipumi, psiii! Zaka ziwiri ku koleji, zaka khumi ndi zinayi ndikuuza ana a eni ake kuti moto umaotcha.

Andipepesa mwaulemu kwambiri, n'kukasekera kuseri kwa mpanda. Mpanda wake wa bango. Zonse zimamveka.

Ngati sizikukwana, basi ya masana yatsitsa Azakhali a Mariamu a ku Dwambazi, azakhali awo a amuna anga. Dzino. Akuti masiku awiri okha. Moni tisanamalize, mphuno m'mwamba: "Mwapha mbuzi chifukwa cha ine?"

Pangano langa ndi a Zaidi ndililembe pano, poti amuna anga amaiwala zosawakomera. Chipinda chakuserichi ndi changa mpaka pa 31. Akaona azimayi akubwera, chikhala changa mpaka kalekale. Akapanda kuwaona, akulu awo a Kalilu alowetsamo matumba a usipa, ine ndibwerere ku choko basi.

Ndavala duku.

Lachisanu, 5 Ogasiti

Dzino linazulidwa Lachiwiri. Azakhali alipo. Ayala mkeka m'saluni momwemo, akuti m'nyumba muli mphepo.

Mitu isanu ndi iwiri sabata ino, yambiri mwa chifundo. Wamkulu mwa onse ndi wa a Madina, akazi a tcheyamani wathu wa Chipani. Ndinawaluka mizere yokhotakhota ngati mtsinje wa Bua pamapu. Maola atatu. Adziyang'ana pagalasi, "Mashallah!", kenako mpango gwa, mpaka m'makutu, n'kutuluka.

Apa m'pamene ndinalephera masamu. Telala akasoka diresi, diresilo limayenda mumsewu kumulalikira. Ine ntchito yanga yonse ikuyenda pa Boma pano itaphimbidwa. Woiona ndi mwamuna yekha, ndipo mwamuna saona.

Tsitsi lothothoka ndikumalisesa n'kuika m'chitini cha mkaka. Ndinaona m'magazini kuti amaliumba kukhala kampira koika mkati kuti mfundo ya tsitsi itukuke. Azakhali andiyang'anitsitsa: "Aphunzitsi, tsitsi la anthu amasunga?" Ndawafotokozera bwinobwino kuti tsitsi ndi chinthu chakufa, ngati zikhadabo. Iwo: "Ooh. Ndi zikhadabo zomwe mukusunga?"

Lachitatu, 10 Ogasiti

Palibe munthu. Dzulo palibe. Dzana nkhuku yokha.

Lolemba Azakhali anapita kumsika kukagula mchere. Maola anayi. Lero Boma yonse ikudziwa za chitini. A Madina mutu ukuwawa, komanso a tcheyamani ayamba kudzola perefyumu popita kumisonkhano. Zonsezi akuti ndi chitini changa. Ndine mfiti ya satifiketi.

Timapepala tolengeza saluni ndinalemba makumi asanu ndi dzanja, mpaka chala kutupa. Bambo woona makadi a Chipani pachipata cha msika wawerenga kamodzi, wawerenganso, watembenuza kuseri. "Mwamakono ndiye kuti chiyani? Zakale zalakwanji?" Ndayankha kuti n'za tsitsi chabe. Pano ndilekeze. Mabuku nawo amawerengedwa.

Timapepalato tagwira ntchito ndithu. Madzulo a Zaidi abwera ndi kampango atakulungidwa m'dzina langa.

Pa chakudya ndatchula nthawi ya basi ya ku Dwambazi kawiri. Ndadandaula za mbuzi zawo zotsala zokha. "Mbuzi zimadziwa kwawo." Tiyi ndawapatsa wopanda shuga. Amasula mfundo ya chitenje, muli shuga wawo.

Loweruka, 13 Ogasiti

A Kalilu abwera kudzayeza chipinda ndi mapazi. Asanu ndi limodzi uku, anayi uku. Galasi langa aligogoda ndi chala, akuti lichoke, msomali wake ndi wabwino kupachikapo sikelo. "Alamu, musadandaule. Usipa sudandaula mutu."

Atuluka, fungo latsala. Ndafukiza udi kawiri.

Ndakhala pampando wa makasitomala ndekha. Mpandowu ndinaugula ndi ndolo za amayi anga. Sindinalire. Ndi utsi wa udi.

Lolemba, 15 Ogasiti

Mmawa, odi wa anthu ambiri. A Madina patsogolo, anzawo asanu ndi mmodzi pambuyo, onse amene ndinawagwira m'mutu. Afuna tsitsi lawo. Ndati tengani, koma lasakanikirana. Azakhali adzuka pamkeka ngati majisitireti, akhuthula chitini, ayamba kugawa. Lalitali ili n'la uje, lofiirira ili n'la uje. Phokoso ngati pogula nsomba.

Kenako pansi penipeni: imvi. Osati ziwiri zitatu. Chipukutu chodzaza dzanja, mbuu ngati thonje.

Manja onse abwerera m'mbuyo.

Azakhali azikweza m'mwamba. "Nanga izi n'za ndani?"

A Madina ayang'ana kudenga. "Ife kwathu sitimera imvi." A Asiyatu akuti maso awo savutika, koma lero sakuona bwino. Wina wakumbukira kuti wasiya nyemba pamoto. Anthu obwera ndi nkhondo atuluka mmodzimmodzi chamchira, aliyense akumangitsa mpango.

Ineyo ndadabwa. Imvi ndinkaziona m'mitu mwawo, apo ndi apo, n'kumakhala chete monga mwa ntchito. Koma zochuluka chonchi?

Azakhali azikulunga m'kapepala kanga, aika pawindo. "Mwini wake abwera."

Lachitatu, 17 Ogasiti

Wabwera. Khomo lakuseri, nthawi imene amuna ali kumzikiti. A Madina, nthochi m'mbale, mawu okweza kuti oyandikana nawo amve: "Tamva kuti Azakhali sakupeza bwino, tati tidzawazonde."

Azakhali, amene amatafuna chimanga chokazinga ndi mbali yozulidwa dzino yomwe, agona chagada n'kuyamba kubuula. Sitinapangane.

Kenako a Madina chapansipansi: "Aphunzitsi, zapawindozo. Ndikuganiza kuti n'zanga." Misozi lengelenge. Perefyumu wa a tcheyamani uja.

Ndatseka chitseko, ndatulutsa chinsinsi changa pansi pa mabuku a jogalafe: dayi wakuda wa ku Lilongwe. Chaka chachitatu ndikudzidaya. A Zaidi mpaka lero amauza anzawo kuti kwathu sitikalamba.

Ola limodzi. Atadziona pagalasi aseka ngati mtsikana, n'kundigwira dzanja: "Lumbirani. Wallahi, ngakhale amuna anu." Ndalumbira. Tsitsi lawo lothothoka ndawakulungira m'kapepala, atenge. Kuyambira lero aliyense azipita ndi lake. Kapepalako kakathera m'chimbudzi, ndikudziwa, koma panjira amawerenga.

Imvi za pawindo anakana kutenga. Akuti anzawo akaona kuti zasowa adziwa.

Lachiwiri, 23 Ogasiti

Azakhali matenda akula. Ozonda khumi ndi atatu chiyambire Lachinayi. Aliyense polowa amayamba wayang'ana pawindo, kenako kundinong'oneza kuti n'zake. Ena sindinawagwirepo m'mutu chibadwire, koma akuti mwina mphepo inauluzira. Chipukutu chimodzi, eni ake khumi ndi anayi.

Chikwangwani ndachotsa. Ku koleji sanatiuze kuti pali malonda ena amene amayenda bwino ukawabisa. Mpango uja ndinkautukwana, lero ndi mnzanga: amalowa ataphimba, amatuluka ataphimba, palibe wodziwa. Akakavula kunyumba ndiye nkhani. A tcheyamani akuti Loweruka sanapite kumsonkhano.

Odwala akunenepa. Nthochi, zitumbuwa, mpunga, dzulo chambo chathunthu. Amadziwa kubuula molingana ndi mbale. Wobwera ndi chinangwa amangomva kakhosomo kamodzi.

Dayi watsala pang'ono. A Kalilu akupita ku Lilongwe ndi usipa, ndawapatsa kalata yomata ya kusitolo ija. Ndati ndi inki ya kusukulu.

A Asiyatu lero. Amuna awo anamira chaka chatha, alibe woti amusangalatse. Adziyang'anitsitsa pagalasi. Kenako: "Nkhope iyi ndinaiiwala." Ndinapita kukasuzumira mbaula yosayatsa.

Lachisanu, 26 Ogasiti

Tsoka la wochenjera. A Zaidi pomwa tiyi: "Amayi a Rahila, ine ndine munthu wa chilungamo. Mwezi ukutha, kasitomala sindinamuone. Chikwangwani mwachotsa nokha. Obwera onsewa ndi a Azakhali."

Ndiwauze za dayi? Ndikawauza mmawa, masana kudoko konse kwadziwa, pofika mapemphero a Lachisanu likubwerali mwamuna aliyense pa Boma akusuzumira m'mutu mwa mkazi wake. A Zaidi chinsinsi amachisunga ngati dengu losungira madzi. Ndikawaonetsa ndalama afunsa kuti zachokera m'mutu mwa yani. Ndipo ndinalumbira kakhumi ndi kanayi.

Ndanena, ndataya azimayi. Ndakhala chete, ndataya chipinda.

Pamwamba pa zonsezo Azakhali alengeza kuti Lachitatu akupita. "Ndatopa kudwala. Msana wayamba kuwawa zenizeni."

Ine amene ndinkaloweza nthawi za basi, lero ndawauza kuti msewu wa ku Dwambazi wawonongeka. Mu Ogasiti, mvula kulibe. Andiyang'ana ngati mwana wa Sitandade 2.

Ndabisa nsapato zawo pamwamba pa kabati.

Lolemba, 29 Ogasiti

Ndaphika mpunga wa nkhuku. Shuga masipuni atatu m'tiyi. Ndawapempha kuti ndiwaluke ulere. Akana, monga akanira mwezi wonse. Mpango wawo sindinauonepo utachoka pamutu, ngakhale pogona.

Ndagwada, ine, mphunzitsi wa giredi yanga. "Azakhali, sabata imodzi yokha." Iwo akuchotsa mnofu m'mano: "Mbuzi zanga zatsala zokha. Munanena ndinu."

A Kalilu abwera ndi inki yanga, n'kuunjika matumba asanu ndi atatu pakhonde, kudikira Lachinayi. Amphaka a Boma yonse ali pamsonkhano pakhomo pathu.

Masana a Zaidi anakhala okha pansi pa mango, ndinafika mpaka pafupi. Mawu anali pamlomo. Ndinakumbuka a Asiyatu pagalasi. Ndinawafunsa ngati akufuna madzi.

Ndayamba kulongedza zipeso m'katoni.

Lachitatu, 31 Ogasiti

Ndilembe msanga ndisanaiwale ndi limodzi lomwe.

Mmawa Azakhali aitanitsa a Zaidi ndi a Kalilu m'saluni. Amuna akuluakulu, manja kumbuyo. Mkeka wawo sanaupinde. Mswala wawo wopemphererapo aupachika pamsomali wa galasi, uja wa sikelo. "Muno ndimaswaliramo. Adokotala anati ndizibwera kudzaonetsa chibwano. Tsiku sananene." Adokotala sananene chilichonse, ndinali pomwepo.

A Kalilu anayesa kutchula usipa. Azakhali mofatsa: "Lowetsa, mwanangu, sindikuletsa. Ndikadzapeza fungo sindidzadandaula. Ndidzangokhala kwa iwe mpaka lithe."

Fungo la usipa silitha. A Kalilu thumba loyamba analinyamula okha osadikira wilibala. Thumba lachiwiri ananyamula a Zaidi, atavala malaya a kuofesi. Pobwerera anandiuza ngati nzeru ndi yawo: "Chipindacho chikhale momwemo. Inu muzichisamala." Ndati chabwino bambo, ndiyesetsa.

Ndawaperekeza kudepoti. Basi itaima, atambasula dzanja: "Kaphukusi ka pawindo kaja." Ndinali nditakatenga kuti ndikataye kunjira. Ndafunsa kuti akatani nako.

"Tsitsi langa ndilisiye kwa mfiti?"

Akweza mpango pang'ono pokha, pamwamba pa khutu. Mbuu. Mutu wonse.

Masiku atatu akuti ankapesera m'chitini ine ndili kumadzi. "Ndinaona kuti ndakuonongerani kumsika kuja. Pakamwa panga sipabweza mawu, ndiye ndinatuma mutu." Ndati bwerani ndikudayeni, ulere, moyo wanu wonse. "Ine zanga ndimazidziwa. Dayani amene akuzikana."

Nanga azimayi aja azibwera bwanji, wodwala atapita? "Azibwera kudzafunsa ngati ndinafika bwino. Muziwauza kuti sindili bwino kwenikweni. Nthochizo muzitumiza pa basi."

Kondakitala awakweza. Sanatembenuke, sanabayibitse. Kudepoti kulibe udi woti ndiunamizire. Ndayang'ana pansi, pa sitepe ya basi, phazi lomaliza likulowa.

Nsapato zanga zakusukulu. Zachikopa zija.