Chimene Chinkamwa Mafuta a Galimoto Yanu

Magaleta, Neno

Okondedwa achimwene a Sosten,

Muli bwanji kumeneko ku Joni? Alamu ndi ana ali bwanji? Kuno tilipo, amayi miyendo yayamba kuphwa, koma shuga ndiye akungokwera ndi kutsika monga mwa nthawi zonse.

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni simundilola kumaliza mawu. Mumangokalipa mpaka netiweki kuthawa. Kalatayi ndapatsira a Gerishon amene akubwera kumeneko, chonde muiwerenge mpaka pansi musanayimbe.

Mukudziwa mmene galimoto ija yatisautsira. Munaisiya kuti amuna anga a Laimoni azitengera amayi kuchipatala ku Lisungwi, poti ndi yaing'ono koma yokwera m'mwamba, yoyenera misewu yathu ino. Kale thanki yodzadza inkatikwanira maulendo asanu. Kuyambira mwezi wa Malichi, ulendo wachitatu usanathe muvi unkakhala uli pansi. Ndiye taganizani, mafuta ake osowa chonchi, munthu kuima pamzere kuyambira m'mawa, dzuwa kukuthera pamutu, kenako galimoto n'kumangowamwa ngati thobwa.

Poyamba tinapita kwa a Davie, makaniko wa kuboma. Iwo anati ndi mapulagi, anasintha onse. Palibe chinasintha. Tinabwererako, akuti tinathira mafuta osakaniza. Tinasiya kugula a m'zigubu, komabe chimodzimodzi. Apa m'pamene inu munalemba pagulu lathu la banja pa foni kuti amuna anga akupopa mafuta n'kumagulitsa. Anawerenga ndi amalume omwe. A Laimoni anangoika makiyi patebulo, n'kulongedza chikwama, ulendo kwawo ku Matope. Pano yatha miyezi iwiri.

Sabata yatha ndinapempha a Blessings, dalaivala wa kutchalitchi, kuti aipititse kwa a Jafali, makaniko wachikulire uja wa pa Lisungwi. Inenso ndinapita nawo.

A Jafali sathamangira kumasula zinthu. Anayamba afunsa kuti vutoli linayamba liti, kenako analowa kunsi kuona ngati thanki kapena paipi ikudontha. Kunali kouma. Matayala onse anawapeza ofewa, anawapopa. Atatsegula sefa ya mpweya, fumbi lake linali ngati chulu, anati injini inkabanika. Anaikamo ina yatsopano, koma anapukusa mutu kuti zimenezi pazokha sizingamalize mafuta ochuluka chotero.

Ndiye anaiyendetsa pang'ono, kukafika kumsika n'kubwerako. Atatsika anazungulira galimoto akuyandikiza dzanja pa tayala lililonse. Atafika lakumbuyo kumanzere anabweza dzanja msanga, kunali moto. Anaikweza pa jeki n'kundiuza kuti ndilizunguze. Achimwene, ndinakankha ndi manja awiri, tayala osatembenuka. Anati waya wa handibuleki unapindika n'kuuma ndi matope, moti buleki inkagwira nthawi zonse. Miyezi yonseyi galimoto imakwera mapiri a Neno itamangidwa mwendo umodzi.

Anawongola chitsulo chomwe chinaphwanyika, anasintha waya ndi mabuleki omwe anali atapserera. Tinadzaza thanki n'kulemba manambala a makilomita monga anatiuzira. Pobwera, phiri lonse lija, muvi unangosuntha pang'ono. Galimoto yanu yachira.

Koma a Jafali akupukuta m'manja anandifunsa kuti, “Kodi anagunda mwala m'madzi ndani? Izi sizichitika zokha.”

Ndinayankha kuti sindikudziwa. Ndinanama, ndipo bodza limenelo landikwana.

Ndine, achimwene. Mu Febuluwale a Laimoni atapita kumaliro kwawo, ndinatenga makiyi. Ankandiphunzitsa pabwalo la sukulu, ndiye ndinkadziona ngati ndatha. Amayi anzanga a kwaya ankafuna kupita kumsonkhano kutsidya, ine n'kuwauza monyada kuti asavutike ndi njinga. Powoloka kamtsinje kaja madzi anali ofiira, mwala sindinauone. Kunsi kunamveka kuti gu, mnzanga Ethel mpaka anakuwa. Galimoto inatuluka, ine n'kuti basi zatha. Ndinaitsuka bwinobwino n'kuwapempha anzangawo kuti asanene, poti munaletsa kuti wina aliyense asaigwire.

Kafungo kopserera ndinkakamva tikamatsika pa Lisungwi, koma ndinkangoti ndi kutentha kwa kumeneko. Ndipo tsiku lija munandifunsa ngati ndikuwakayikira a Laimoni, ndinati kaya, mwina amanyamula matola. Mawu amenewo ndi amene munawakuza. Sindinkadziwa kuti mwala uja ndiwo ukutha mafuta, komabe ndinkadziwa kuti pali chimene ndabisa, ndipo ndinalola kuti diso lanu lipite kwa munthu wina.

Lamulungu ndinapita ku Matope. Ndinawapeza akusoka ukonde wa achimwene awo, munthu woti ali ndi dimba lake kuno, kabichi akungofota. Ndinawauza zonse nditagwada. Anati za ine ndi iwo tidzakamba m'nyumba mwathu, si nkhani yovuta. Koma anati sangapondenso pamudzi pamene amalume ndi ana omwe amawadziwa ngati wakuba.

“Amene analemba dzina limenelo akalifufute pomwe analilembapo,” anatero.

Ndiye pempho langa ndi limeneli. Lembani pagulu lomwe lija kuti a Laimoni sanabe kanthu, ndipo muwayimbire. Musatume amalume, musatumize mphatso, muyankhule nokha. Munthu ameneyu wakhala akuwabereka amayi kumsana kuchoka pakhonde kukafika m'galimoto zaka ziwiri, inu muli kutali. Mwana wathu Faith amandifunsa tsiku lililonse kuti adadi abwera liti, ine mayankho andithera.

Ine ndalemba kale mbali yanga pagulupo, ndikungodikira kuti muwerenge kalatayi ndisanatumize. Ngati mukufuna wokalipira, ndilipo ine, ndipo ulendo uno sindidula foni.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Tikondane ndi Chiyamiko. Amayi akuti muzivala zofunda, amva kuti kumeneko kwazizira. Mulungu akusungeni, akupatseninso mtima wofewa pa nkhani imeneyi.

Ndine mlongo wanu,
Yunike