Amayi Awapachika pa Khoma

Cape Town,
South Africa.

Okondedwa achimwene a Wyson,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Nanga amayi, mwendo uja ukuwalola kupita kudimba? Chifuwa cha Madalo chinatha? Ine kuno m'thupi ndili bwino ndipo ntchito ndikugwira, koma mumtimamu muli moto, ndipo wayatsa motowo ndinu.

Mudabwa kuti bwanji ndalemba kalata ngati kale pomwe foni ilipo. Ndinaitenga foniyo kuti ndikuimbireni, koma ndinaona kuti ndingokukalipirani mpaka mayunitsi kutha osamvana kanthu. Komanso chimene ndaika mu envelopuyi sindikufuna chiyende pa foni, chifukwa chikangolowa pa WhatsApp mawa lake Ntaja yense wachiona. Ndapatsira a Esau oyendetsa katundu aja, ndawauza kuti akupatseni m'manja pa siteji yanu ya kabaza. Muli kakhadi mkatimo, musakatulutse pagulu.

Kuno ndi nyengo yozizira, mvula yake yosadziwa kukata, ndipo denga la chipinda chathu likudontha pamutu penipeni pa bedi. Eni nyumba tawauza mpaka kutopa, amangoti mawa. Koma zimenezo ndi zazing'ono.

Loweruka lina posachedwapa Luckness, mnzanga wa ku Balaka amene ndimagona naye chipinda chimodzi, anandikoka kuti tikayende. Kuno kuli dera lakale kwambiri lotchedwa Bo-Kaap, m'mbali mwa phiri, nyumba zake zopaka utoto wowala ngati maswiti, misewu yake ya miyala, mizikiti yake yakalekale. Anthu a m'deralo anakonza zoti azitenga anthu wamba ngati ife, antchito a m'nyumba, alonda, ogulitsa m'misewu, n'kumatiyendetsa ulere m'nyumba zoonetseramo zojambula ndi zosema, ati nafenso tiphunzireko. Ine ndinakana, ndinati tsiku langa lopuma ndi limodzi lokha ndipo zochapa zandiunjikira. Koma Luckness ndi munthu wosamva iyayi.

Wotitsogolera anali mayi wachikulire wachisilamu wobadwira momwemo, aliyense amangowatchula kuti Anti Yasmin. Tisananyamuke anatilangiza kuti tisajambule munthu wokhala pakhonde pake osayamba tapempha, ati anthu a kumeneko atopa ndi alendo owatola zithunzi ngati nyama za ku Liwonde. Mawu amenewa muwasunge, achimwene, tiwapezanso kutsogoloku.

Poyamba zinali zokoma ndithu, sindinama. Tinalowa m'nyumba ina imene kale munali telala, tsopano muli bambo wina wosema mbalame ndi matabwa a zitseko zakale. Kwina tinapeza nsapato zakutha ataziunjika pakati pa chipinda, anthu atazizungulira manja kumbuyo, akugwedeza mitu ngati amva uthenga wabwino kutchalitchi. Luckness anandinong'oneza kuti ngati luso lake ndi limeneli, ndiye kuti kudzala kwathu kuli chuma chosaneneka. Tinaseka mpaka Anti Yasmin anatiponyera diso.

Nyumba yomaliza inali ya zithunzi zokhazokha, makoma oyera mbee. Ndikulowa chonchi, ndinangoona amayi. Amayi athu, achimwene! Chithunzi chachikulu kuposa chitseko. Akhala pansi pakhonde la nyumba yathu, miyendo atambasula, kumutu alibe duku, kukamwa kuli yasa akulira, m'mimba amanga nsalu. Sipanafunike wondiuza kuti limeneli linali tsiku la maliro a bambo.

Mukudziwa kuti maliro amenewo ine sindinawaone. Mapepala anga anali asanatuluke, ndipo ndinu nomwe munandiuza kuti ndisabwere poopa kuti sindidzaloledwanso kulowa kuno. Zaka ziwiri zonsezi ndakhala ndikuyerekeza m'mutu mmene zinakhalira tsikulo. Ndiye ndikazione pa khoma la eni, pakati pa anthu osawadziwa, ena akutafuna chingamu?

Koma chimene chandipsetsa mtima kwambiri si chimenecho iyayi. Mwini malowo, mzimayi wa magalasi wolankhula mokoma, anaima pafupi ndi chithunzicho n'kuyamba kutiphunzitsa. Anati dzina la chithunzicho ndi Njala. Anati wojambula wake anayenda ku Malawi chaka chimene madzi anachepa m'nyanja ya Chiuta, ndipo mayi ameneyu akulira chifukwa watha masiku osadya. Anachita kuloza ndi chala kuti tione mmene wadzimangira nsalu m'mimba pofuna kuziziritsa njala. Anthu anausa moyo, mayi wina mpaka anapukuta misozi. Kenaka anatiuza monyadira kuti mwezi uno ukatha chithunzicho chikupita kunja kwa nyanja, kukachisindikiza pa zikwangwani zopemphera chithandizo.

Njala! Amayi athu? Chaka chimene chija bambo anasiya nkhokwe ili tho, nandolo ali m'matumba, ndipo munandiuza nokha kuti anthu onse a pamaliro anadya za pakhomo pathu, sitinapemphe ngakhale mbale ya ufa kwa munthu. Bambo amene makolo awo anabwera wapansi kuchokera ku Mozambique ndi khasu lokha paphewa, kunyada kwawo konse kunali kwakuti pakhomo pawo sipanagonepo munthu ndi njala. Lero mkazi wawo akhale chikwangwani chopemphera? Ngakhale Thokozire wanu, mwana wa dzulodzuloyu, akudziwa kuti mayi woferedwa amamangidwa nsalu m'mimba kuti apeze mphamvu polira, asakomoke. Munthu wa kamera yodula uja analephera kufunsa zimenezi?

Chingerezi changa ndi cha kukhitchini, koma tsiku limenelo chinatuluka chokha. Ndinanena pamaso pa onse kuti amenewo ndi amayi anga, ali ndi dzina, ali ndi munda, ndipo sakulira njala, akulira mwamuna wawo amene wagona kuseri kwa chitseko chikuonekacho. Luckness anayamba kundikoka diresi, akunong'ona kuti ndisiye atiitanira apolisi. Mwini malo uja nkhope inafiira, n'kunena kuti mwina ndasokoneza, amayi a kumudzi amafanana.

Amafanana! Ine osadziwa amayi anga ondibereka? Ndinamulozera chipsera cha pachipumi chija, ndinamulozera njinga ya bambo yotsamira khoma, ya chishalo chomanga ndi mphira. Ndinamuuza kuti ngati akufuna ndimutchulire ndi dzina la galu wagona pakona uyo.

Apo ndi pamene Anti Yasmin anabwera n'kundigwira dzanja. Sanakweze mawu. Anangomukumbutsa mzimayi uja kuti zimene amadandaula anthu a m'deralo tsiku ndi tsiku ndi zomwezi, ndipo zawachititsa manyazi kuti zapezeka m'nyumba imene iwo amabweretsamo anthu kudzaphunzira. Anati sadzalowetsamonso gulu lawo mpaka nkhaniyi itakonzedwa. Mulungu awadalitse mayi amene aja, sitinadziwane n'kale lonse koma anaima nane ngati azakhali anga.

Ndiye mwini malo uja anandilowetsa mu ofesi, kundipatsa madzi, n'kumuimbira foni wojambula uja ine ndili pomwepo. Apa ndi pamene mukulowera inu, achimwene. Wojambulayo anati chithunzicho sanabe. Anati sabata imeneyo ankayendetsedwa ndi wakabaza wina wa pa Ntaja, ndipo bambo a wakabazayo atamwalira, iye anapita kukapepesa, kamera ili pakhosi. Anati anapempha kwa mwana wamwamuna wa pakhomopo ngati angajambule, ndipo anamuvomera. Za njalazo anati anangoziona yekha, sanafunse munthu.

Mwana wamwamuna pakhomo paja alipo mmodzi. Achimwene, munavomera chiyani? Mwina mutu unali utazungulira ndi chisoni, zimenezo ndikhoza kumvetsa. Koma mlendo akuloza kamera amayi anu ali mbulanda kumutu, akugubuduzika pansi, inu osamugwira dzanja? Zaka ziwiri osandiuza ine, osawauza eni ake? Kapena anakupatsani kanthu? Ngati anakupatsani musandiuze n'komwe, sindikufuna kudziwa mtengo wa misozi ya amayi.

Ndipo musaganize kuti ndi chithunzi chimodzi chokha. Pakhomo pa nyumbayo akugulitsa timakhadi ta chithunzi chomwecho, anthu azitumizirana. Kamene ndaika muno anachita kundipatsa ulere, ngati akundichitira chifundo. Ndinawauza kuti enawo awachotse pa tebulo, ndipo anawachotsa ine ndikuona.

Tsopano pempho langa ndi limodzi, ndipo mulichite msanga. Mwini malo uja akuti sangatsitse chithunzicho pa mawu anga okha, poti wojambula akuti analoledwa ndi a pabanja. Koma walonjeza pamaso pa Anti Yasmin kuti mwini nkhopeyo akalankhula yekha, amvera. Akuti amayi asankhe: achitsitse chisapitenso kulikonse, kapena chikhale koma afufute bodza lija, alembe zoona, kuti awa ndi mayi Joanna a ku Ntaja, akulira amuna awo a Noah, mlimi.

Choncho pitani nokha kwa amayi, musatume mwana. Mukawapeze ali okha, mukhale pansi, muwaonetse kakhadiko ndipo muwafotokozere zonse, osadumpha gawo lanu. Mukatero muwajambule mawu pa foni n'kunditumizira, ine ndi Luckness tikawamasulira kumeneko. Musawauze zoti anene, ndikukudziwani inu pa nkhani yozembetsa milandu. Mwezi ukatha amayi asanalankhule, chithunzicho chikwera ndege ndi dzina lake la Njala lomwelo, ndipo tsiku lina nkhope yawo idzatulukira pa Ntaja pomwepo pa chipepala cha bungwe, adzamve kwa amayi anzawo a kutchalitchi kuti anawaona akupempha. Zikadzatero, ine ndi inu tidzayang'anana bwanji?

Mukandifunsa ine, ndikufuna chitsike lero lomwe. Koma ndisakubisireni, kuyambira tsiku lija ndikaweruka kuntchito miyendo imanditengera komweko. Mlonda wa pamenepo wandizolowera, akangondiona amanditulutsira mpando. Ndimakhala pamaso pa amayi mpaka nthawi yotseka. Maliro a bambo ndawalirira pamenepo, achimwene, pa mpando wa pulasitiki, m'dziko la eni. N'chifukwa chake sindikufuna kusankha ine. Mtima wanga uli pawiri, ndipo nkhopeyo si yanga.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti mafuta odzola aja ndidzatumiza ulendo wina. Moni kwa Madalo ndi Thokozire, alimbikire sukulu. Moni kwa atsibweni ku Ulongwe ndi azakhali ku Nkaya, koma nkhaniyi musawauze amayi asanaimve.

Amayi muwapatse moni komalizira, mukatha zonse. Muwauze kuti chisanafike chipsera, isanafike njinga, chimene ndinayamba kuzindikira pa khoma paja ndi nsalu imene anamanga m'mimba. Ndi chitenje chobiriwira cha mbalame chija ndinawatumizira ndi malipiro anga oyamba, chimene ankati n'chokongola kwambiri sangachivale, achisunga m'sutikesi. Zaka ziwiri ndakhala ndikudziona ngati mwana wotayika amene sanaike ngakhale dothi pamanda a bambo ake. Sindinadziwe kuti tsiku limenelo amayi anatsegula sutikesi, n'kundimanga m'mimba mwawo.

Chimenecho ndi chimene anthu aja akuchitcha njala. Pitani kwa amayi, achimwene.

Ndine mlongo wanu,
Malita.