Mtima wa Wokwera Njinga

Bogotá,
18 Julaye 2021

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti inu ndi amayi muli bwino kumapiri kwathuko. Ine kuno ndikulemba uku ndikuseka ndekha.

Mukukumbuka makina akuchipatala kwathu kuno ndinakuuzani aja? Amatulutsa magazi m'thupi, kuwapatsa mpweya, n'kuwabwezeranso, kuti mapapo apume ngati munda umene mwausiya chaka osalima. Sachiza ayi, amangopatsa thupi nthawi. N'chifukwa chake timaika munthu yekhayo amene thupi lake lingathe kudzukanso. Mwezi watha korona itavuta, tinatsala ndi amodzi okha.

Anatibweretsera a Evaristo a ku Samacá, kumapiri kwathu komweko, a imvi ngati inu, mapapo atatheratu. Mkulu wathu, Dokotala Barraza, wobadwira kunyanja, anapukusa mutu. "Yamile, mtima watupa uwu, ukugundanso mwaulesi. Zaka nazo zapita. Sangapirire."

Ndinavundukula bulangete. Bambo, miyendo yake! Akatumba ngati anu enieni, khungu lopsa ndi dzuwa kulekeza m'mawondo. Ndinaimbira akazi awo, mayi Herminda.

"Amayi, bambowa amakwera njinga?"

"Mwana wanga, njingayo ndiye mkazi wamkulu, ine ndine wachiwiri! M'mawa uliwonse amakwera phiri ndi zigubu za mkaka, Lamulungu n'kukapikisana ndi anyamata. Nkhalamba yopanda manyazi!"

Ndinafotokozera a Barraza kuti kwathu mtima umatha kukula ndi zitunda, osati matenda. Tinauyezanso mofatsa, tinaupeza wamphamvu. "Anthu akumapiri inu mumabadwira pachishalo kodi?" anatero. "Bweretsani makinawo."

Sabata yatha tinawachotsa pamakina, ndipo lero alankhula. Ndinawagwirira foni kukhutu.

"Herminda, tcheni ukuthira mafuta?"

"Chitsiru iwe! Ine ndaonda ndi kulira, iwe ukufunsa tcheni?"

"Nanga iwe umachita dzimbiri?"

A Barraza anaseka mpaka magalasi kuchita nthunzi.

Mundiperekere moni kwa amayi. Muwauze kuti akapita kutchalitchi akayatse makandulo awiri. Loyamba n'lothokoza chifukwa cha a Evaristo. Lachiwiri ndi la mphunzitsi wina amene anafika tsiku limodzi ndi a Evaristo, koma anatisiya. Dzina lake sindingalembe. Makina anali amodzi, Bambo.

Inuyo njinga yanu ija musagulitse, amayi alankhule bwanji. Ndikabwera mudzandiperekeze kuphiri, koma muzidzandidikira.

Ndine mwana wanu,
Yamile