Chifuwa M'khola la Malemu

Lolemba, 6 Meyi

Nkhuku zinayi zikutsokomola. Mazira awiri atuluka okwinyika ngati nsalu yosasita. Si chitopa, chitopa ndimachidziwa. Ndaitana alangizi a ziweto.

Lachiwiri, 7 Meyi

Alangizi abwera, apaka kathonje kukhosi kwa nkhuku ziwiri kuti akapime. Akuganiza kuti ndi chifuwa cha nkhuku, ndipo kachilombo kake ndi ka banja la korona. Mawu amenewa ndinawamva komaliza kuchipatala, tsiku limene mkazi wanga anatisiya. Ndinangokhala pa chidebe.

Anafunsa ngati ndabweretsa nkhuku zachilendo. Inde, misoti itatu, sabata yatha. "Munaipatula?" Ayi. Malemu ankatsekera nkhuku yatsopano iliyonse m'bafa lakale masabata awiri, ine n'kumaseka kuti nkhuku ili pa chinamwali. Ndinkayesa ndi kukangalika kwawo chabe. Cholakwa ndi changa, ndalemba.

Lachitatu, 8 Meyi

Ndamuuza mwana wanga pafoni. Atangomva dzinalo anati, "Atate, muziphe zonse lero lomwe. Ndataya kale amayi." Akuti ndikapanda kutero abwera Lamulungu ndi mwamuna wake adzazipha okha.

Nkhuku makumi awiri ndi zitatu. Zonse, kupatula misoti ija, ndi za m'manja mwa amayi ake. Ndifunse kaye.

Lachisanu, 10 Meyi

Zotsatira zabwera, ndi kachilombo komwe kaja. Ndinapita ku ofesi ya alangizi ndi kope, ngati mwana wa fomu 2. Anaseka: "Bambo, mukufuna kundilanda ntchito?" Koma anafotokoza, mpaka tiyi wawo anazizira.

Zimene ndagwira:

Korona si kachilombo kamodzi, ndi banja lalikulu. Tizilombo tonseti tili ndi timinga kuzungulira thupi, ndipo timingato ndi timene timagwira pakhosi kapena m'mapapo. Minga ya ka nkhuku imagwira nkhuku. Kakhala kakudziwika zaka zambirimbiri, alimi akupuma fumbi la m'makola tsiku ndi tsiku, koma sikanapezeke kakudwalitsa munthu. Kamene kanatenga mkazi wanga ndi ka nthambi ina, achibale ake apafupi amapezeka mwa mileme. Kalinso kena kamene kamafika kwa anthu kudzera mwa ngamila.

Ndinafunsa: nanga poti nkhukuzi zinabayidwa katemera? Akuti kachilomboka kamadzikopera kambirimbiri m'thupi, ndipo pokopera kamalakwitsa, ngati ife tinkakopera manotsi pabolodi. Zolakwika zambiri zimakapha komweko. Koma nthawi zina chimodzi chimasintha minga, katemera wakale osakazindikiranso bwino. Tiwiri tosiyana tikakumana m'nkhuku imodzi timathanso kusinthana zidutswa.

Ndiye sikangasinthe mpaka kugwira munthu? Anakanda mutu. "Sindingalumbire za zaka chikwi zikubwerazo. Koma za Lamulungu lino ndikulumbira." Nkhuku zazikulu zambiri zimachira. Zina ziziikira mazira opunduka mpaka kalekale. Ndisagulitse, ndisapereke kwa munthu, ndizisamba m'manja, nsapato za kukhola zizikhala kukhola.

Sindipha ngakhale imodzi.

Loweruka, 11 Meyi

Imodzi yafa, mwa misoti ija. Ndaikwirira mozama. Zina zayamba kudya.

Lamulungu, 12 Meyi

Afika cha m'ma 10. Mkamwini watsika ndi mpeni wokulunga m'nyuzipepala, maso pansi, moni wake wautali kuposa masiku onse. Mwana wanga ali ndi chophimba pakamwa.

Ndinatsegula kope, ndinayamba za minga. Anandidula. "Atate, musandiphunzitse sayansi. Nawonso amayi ankati ndi chimfine chabe."

Ndinati zoona, ndipo ine ndinawavomereza, sindinafunse munthu. Ulendo uno ndafunsa. Nambala ya alangizi ndi iyi, imba wekha.

Anaimbadi, ali chiimire pansi pa waya woyanikira zovala. Mphindi khumi. Mkamwini anandinong'oneza: "Bambo, ine kupha nkhuku sinditha n'komwe. Kwathu amapha ndi mwana wanuyu."

Mwana wanga anadula foni. Anapita pa mpanda wa khola, anayang'ana nthawi yaitali. Kenako: "Ndani waika madzi padzuwa? Zodwala zimwe otentha?"

Anavula nsapato zake, anavala zanga za kukhola, zazikulu ngati mabwato. Analowa, n'kukokera chomwera pamthunzi.

"Inu, bwezani chimpenicho m'galimoto," anatero kwa mwamuna wake, osatembenuka. "Mubwere ndi ndowa."