Ndinkamuvula Chipewa Kumanda

Lachinayi, mwezi wa Okutobala. Kwatentha, ndipo mtima wanga sunakhale pansi tsiku lonse.

Ndinaperekeza mng'ono wanga Fatsani kuchipatala ku Boma. Chilonda cha pakhutu pake chakana kupola chikololereni chimanga. Adokotala anati cheza cha dzuwa chimadula timaulusi ta DNA m'kati mwa khungu, thupi n'kumatilumikiza. Akuti ofufuza anazionera pa mbewa: mbewa zimene matupi awo amalephera kulumikiza timaulusito zimatuluka zotupa. Kwa munthu wachialubino ngati Fatsani, timaduka tambiri kuposa timene thupi lingalumikize.

Kenako anamufunsa kuti, "Chipewa mumavala nthawi zonse?"

Fatsani anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana pansi.

Ndine amene ndakhala ndikumuvulitsa. Maliro aliwonse kwathu ku Chinakanaka, tili kumanda dzuwa lili paliwombo, ndinkamukodola: "Vula iwe, amuna savala chipewa pano, anthu atinena." Iye ankavula n'kuimirira mpaka nkhata yomaliza, makutu atafiira psuu. Ndinkati ndikumuphunzitsa ulemu. Akufawo sanadandaulepo za chipewa. Ine ndinkaopa pakamwa pa amoyo.

Adokotala amudula kachidutswa pachilondapo kuti akapime ku Blantyre ngati ndi khansa. Zotsatira tidikira.

M'minibasi sanandidzudzule, bola akanatero. Anangoti, "Achimwene, mawa kuli maliro a mayi Nangondo. Ndikavale kapena ndikavule?"

Bambo wa ana atatu, akupemphabe chilolezo kwa ine. Ndinamuuza kuti akavale, koma mawu anatuluka aang'ono, moti sindikudziwa ngati anamva.