Galimoto Yosamwa Mafuta

Lolemba, 6 Meyi

Ndadzuka ndi uthenga pafoni wochokera kwa alamu, akazi a achimwene. Akuti ndikamaweruka ndiwatengereko matumba awiri a chakudya cha nkhuku. Moni palibe, chonde palibe. Kumapeto kwake alemba kuti, "poti yanuyo simwa mafuta." Mawu amenewa andikwana.

Ndawatengera. Mubuti tsopano mukununkha khola.

Galimoto ya magetsiyi ndinaigula mu Januwale ndi cholinga chimodzi basi: ndizikamuona Kadona, mwana wanga, kusukulu yogonera komweko popanda kulira ndi mtengo wa mafuta. Ndi kutali, batire lodzadza limangokwanira kukafika. Nanga chigulireni ndapitako kangati? Ngakhale kamodzi. Tsiku loona ana la mu Febuluwale ndinanyamula anthu opita kumaliro a amalume awo a alamu, munthu amene sindinamuonepo ali moyo. La mu Malichi galimoto inavala maliboni, inanyamula mkwati ndi mkwatibwi, mwini wakene ndili pabenchi kuwomba m'manja. Walira mvula walira matope.

Loweruka lino ndi tsiku lomaliza loona ana asanayambe mayeso. Likadutsa limeneli, K. sukulu wamaliza. Ndipita, zivute zitani.

Lachiwiri, 7 Meyi

Lero ndamusowa Chifuwa. Galimoto yanga yakale ija, tinkaitchula choncho chifukwa inkatsokomola katatu isanalire, ndipo ikalira msewu wonse umadziwa kuti mayi wa ku labu wanyamuka. Utsi ngati akuotcha matayala. Koma Chifuwa ankanditeteza. Munthu akabwera ndi ulendo wake, ndinkangogwira pachibwano nkunena kuti, "Ii pepani, mulibe mafuta." Nkhani imathera pomwepo. Palibe amakwiya, palibe amapita kukasuzumira mu thanki. Ena amapepesa kumene. Chibale chimatsala chili gwa.

Pano ndinene chiyani? Chingwe chimaoneka chikuchoka pakhoma kulowa mu galimoto, kagetsi kobiriwira kakuthwanima, aliyense wodutsa pageti akuona.

Mnzanga wa ku labu ndamuuza zimenezi tikudikira makina amalize kuzunguza magazi. Anaseka mpaka kuvula magalasi. Akuti, "Iwe sunagulitse galimoto yokha, unagulitsa ndi pakamwa pako pomwe." Ndinaseka nawo, koma mkati munandiwawa. Wavomera kusinthana nane: ndigwira Lachisanu lake tsiku lonse, iye agwira Loweruka langa.

Lachitatu, 8 Meyi

K. waimba pafoni ya a metironi. Mawu ake akula, ngati a munthu wamkulu amene akuyankhula ndi wa ku ofesi. Akuti Loweruka m'mawa kwaya idzaimbira makolo, ndipo nyimbo yoyamba adzatsogolera ndi iyeyo. Ndinakuwa ndi chimwemwe mukhonde la chipatala mpaka anamwino kutembenuka.

Ndinati, "Ndibwera mwanawe, ndidzakhala kutsogolo penipeni."

Iye anati, "Amayi, mukabwera mubwere. Koma musalonjeze."

Mwana wa m'mimba mwanga kundiuza choncho. Ndinalowa mchimbudzi cha ogwira ntchito, ndinatsegula mpope kuti anthu asamve.

Ndagula sopo, shuga, mabisiketi, masokosi, ndi mafuta odzola aja amawakonda. Zonse zili mukatoni pafupi ndi chitseko.

Lachinayi, 9 Meyi

Batire 100. Ndalijambula ndi foni ngati mwana wobadwa kumene.

Madzulo achimwene atulukira, akulu athu, atavala jekete yawo ya pamisonkhano. Akavala imeneyo ndimadziwa kuti pali chopempha. Akuti mawa amayi ali ndi tsiku lawo kwa dokotala wa maso. Zoona, ndinaiwala. Ine mawa sindingachoke pantchito. Ndinati, "Nanga pikapu yanu?"

"Ilibe mafuta, mlongo."

Ndinawayang'ana. Iwo nkhope ili phee. Mawu anga omwe, andibera ine ndikuona. Ndipo sindinapite kukasuzumira mu thanki mwawo, chifukwa munthu satero.

Ndinafotokoza bwinobwino kuti Loweruka ndikufuna batire lodzadza, kuti pasoketi ya panyumba limatenga usiku wonse, kuti masiku ano magetsi akuzimazima. Iwo, "Kuchipatala ndi pompa apa. Dzuwa lisanafike pamutu ikhala ili pakhomo." Asanatuluke nkomwe pageti, amayi aimba. "Iwe, ukufuna ndikwere minibasi ndi maso awa? Chibale ndi fupa, sichiwola." Fupa limeneli ine ndi amene ndimaliguguda ndekha.

Kiyi ndapereka.

Lachisanu, 10 Meyi

Masana ndawaimbira achimwene, sakuyankha. Ndaimbanso, foni yazima. Magazi a anthu ndayeza lero mtima uli pamsewu.

Ndafika kunyumba pa minibasi, pakhomo palibe galimoto. Mumsewu wonse mulibenso magetsi. Aneba akuti thiransifoma yaphulika masana, anthu okonza abwera mawa kapena mkuja.

Afika dzuwa litalowa. Sindinawamve nkomwe, ndinangoona magetsi a galimoto pakhoma. Amayi akutsika kutsogolo akuseka, atanyamula mkoko wa nthochi. Akuti atatuluka kwa dokotala anaona kuti kukadali m'mawa, ndiye anati bwanji akazonde amayi aang'ono, amene amakhala kutali kuseri kwa mapiri. "Si yaulere kodi? Tayenda ngati mabwana, kamphepo kozizira njira yonse."

Batire 6.

Achimwene akundipatsa kiyi ngati akundipatsa mphatso. "Ungoilumikiza pakhomapo." Ndinawalozera mdima wa mumsewu. Anakanda kumutu. "Aa, komatu zamagetsizi nzosadalirika. Ine ndinanena."

Sananenepo. Tsiku lomwe ndinaigula anali oyamba kujambulitsa atatsamira pa boneti.

Sindinalalate. Ndinawathokoza amayi chifukwa cha nthochi. Ine ndine chitsiru cha mtundu wanji?

Loweruka, 11 Meyi

Ndabwerako. Sindilemba lero.

Lamulungu, 12 Meyi

Ndilembe, mwina chichoka pakhosi.

Ndikanakwera basi ya m'mawa. Nzeru zimenezi zikubwera lero, dzulo zinali kuti? Ndinaganiza kuti patchaja yachangu ya kugolosale yaikulu ya mtauni ndingokhalapo pang'ono, nkunyamuka. Komanso sukuluyo ili kutali ndi msewu waukulu, ndi katoni pamutu ndikanafika liti.

Ndinanyamuka kukucha. Ndisanafike nkomwe pamphambano, padashibodi panayaka kachithunzi ka kamba, kusonyeza kuti batire latsala pang'ono kutha. Ndinali ndisanakaonepo. Galimoto inayamba kukwawa, anthu a njinga akundipitirira, wina mpaka kundiimbira belu. Kamba wachikasu akundiyang'ana njira yonse.

Kugolosale matchaja alipo awiri. Imodzi aikulunga ndi pepala la pulasitiki, yafa. Inayo pali mzere wa matakisi a magetsi, chifukwa mbali yonse ya kwathu kulibe magetsi. Ndinapempha. Ine, mayi wamkulu, kupempha anyamata a matakisi ngati ndikupempha mchere. Woyamba anati, "Mayi, tonse tili ndi ana." Wina wa ndevu zaimvi anandimvera chisoni nkundilowetsa pamalo pake, koma apo nkuti dzuwa litakwera. Ndinakhala mkati kuyang'ana manambala akukwera mwaulesi. Pa nthawi imene kwaya imayamba kuimba, ine ndinali pamalo oimika magalimoto kuonerera munthu akukolopa pakhomo la golosale.

Sindinadikire kuti batire lidzadze. Ndinathamanga, ndipo ukathamanga batire limatsika ngati madzi mu ndowa yobooka. Panjira ndinaimanso kutchaja. Kuzimitsa kamphepo, kuzimitsa wailesi, thukuta kamukamu.

Ndinafika magalimoto a makolo akutuluka pageti. Mlonda anati nthawi yatha. Ndinamuonetsa katoni, ndinamuonetsa nkhope, anandilola ndilowe pang'ono.

K. ndinamupeza pansi pa mtengo kuseri kwa holo, atakhala pamkeka wa anthu ena. Mayi wa mnzake wa mchipinda anali akumumanga tsitsi, chipeso chili kukamwa. Chakudya chatha kale kudyedwa. Galimoto ndinaimitsa pafupi penipeni, koma palibe anatembenuka. Ndinachita kuitana.

Anaimirira, anabwera, anandipatsa moni wa manja awiri. "Mwayenda bwanji, amayi?" Ulemu wonse, ngati wa mlendo wa kutchalitchi. Bola akanalira. Bola akanandinyoza.

Mayi uja ndi munthu wabwino, ndipo zimenezo ndi zimene zikundipweteka kwambiri. Akuti, "Mwana wanuyu waimba, anthu mpaka kuimirira. Musadandaule, timamutenga ngati wathu. Maulendo onse amadya nafe." Maulendo onse. Anandionetsa pafoni yake kachidutswa ka nyimboyo. Mwana wanga ali kutsogolo, bulauzi yoyera, maso akuyendayenda mumizere ya makolo. Ndinabweza foni nyimbo isanathe.

Ndinayamba kufotokoza. Agogo ako, maso, amalume ako, thiransifoma, kamba. Ndikuyankhula ndikudzimva ndekha kuti ndikunena zopanda mchere. K. anangoti, "Ndamva, amayi." Ananyamula katoni, nkuyang'ana galimoto koyamba. Anali asanaionepo chigulireni.

"Ndi yokongola," anatero. "Chifuwa ndinkamumva akadali kumlatho, ndinkathamangira kugeti. Iyi ndakhala ndikutchera khutu kuyambira m'mawa. Kenako ndinakumbuka kuti simveka. Ikabwera simveka, ikapanda kubwera simvekanso."

Belu linalira. K. anati mayeso akatha ndisavutike kudzamutenga, abwera ndi mayi a mnzakeyo, malo alipo. Anandigwira dzanja, napita. Tsitsi mbali imodzi lomanga, mbali ina losamanga.

Pobwerera ndinaimanso panjira kuti galimoto itchaje. Mkati muli zii. Munthu ungalire bwanji mugalimoto yopanda phokoso, ukudzimva wekha chilichonse?

Lolemba, 13 Meyi

Magetsi ayaka. Aneba akuwa ngati timu yagoletsa.

Amayi aimba kufunsa ngati nthochi zapsa. Za K. afunsa kumapeto. Nditawauza, akuti, "Ana amaiwala msanga." Alamu atumiza uthenga: Lachitatu kuli msonkhano wa amayi kutchalitchi china, anthu anayi. "Poti yanuyo."

Ndawaimbira a metironi, ndawapempha amuuze K. kuti tsiku lotsekera ndidzabwera ndine, ndidzagona pafupi ndi sukulu dzulo lake. Madzulo ayankha: "Ndamuuza. Wamva."

Galimoto ndailumikiza pakhoma. Kagetsi kobiriwira kakuthwanima.

Lachiwiri, 14 Meyi

M'mawa ndikutseka chitseko, achimwene ali pageti. Jekete ya pamisonkhano. Akufuna akatenge malata ochepa chabe, akuti apinda mipando yakumbuyo, sakanda penti.

Ndinati ayi.

Anaseka, anaganiza kuti sanamve bwino. Anayang'ana chingwe, anasuzumira pawindo. "Batire latha?"

"Ladzadza."

"Yawonongeka?"

"Ili bwinobwino."

"Uli ndi ulendo?"

"Wa kuntchito basi."

"Nanga bwanji?"

Ndinafunafuna chonamizira, thanki yoti ndibisalemo, osaipeza.

"Sindikufuna, achimwene."

Anaima ngati ndawamenya mbama. Ndinazula chingwe, ndinachikulunga pang'onopang'ono, ndinachiika mubuti momwe mukununkhabe nkhuku za akazi awo. Ndisanalowe nkomwe foni inayamba kulira. Amayi. Ndiye kuti anali atadikira kale ndi foni m'manja. Ndinaiika pampando chafufumimba, ikulirabe.

Ndinatuluka pageti, windo lili lotsegula, galimoto ili zii monga mwa masiku onse. Choncho ndinamva bwinobwino zimene ananena kumbuyo kwanga, mawu onse: "Mtima woipa. Nchifukwa chake mwamuna anakuthawa."

Chifuwa akanandibisira mawu amenewo.

Windo sindinatseke. Sindinaimenso.